Mlandu wa tayi pa malaya a chitenje

Awa ndi mawu omwe mlangizi wa kalabu yathu, bambo a telala a pa Nkhamenya, adayankhula pamsonkhano wa Loweruka lapitali. Tawalemba monga adawanenera kuti omwe simudabwere muwerenge nokha.

Inu mwaima pawindopo lowani, benchi iyi ili ndi malo.

Mwandiitana kuti ndiweruze mlandu wa tayi. Ndamva kuti patha masabata atatu musakumvana. Nsalu ya kalabu mudasankha bwinobwino, malaya a anyamata ndi madiresi a atsikana ndikusoka ndine, koma zafika pakhosi zavuta. Ena mukuti pamwambo wotsekera chaka mnyamata aliyense amange tayi wakuda pamwamba pa malaya a chitenjewo, ndipo wopanda tayi abwezedwe pakhomo. Ena mukuti tayi ndi chingwe cha atsamunda, tisamuonenso. Kenaka wina adabwera ndi chithunzi cha ukwati wa ku Scotland, amuna atavala kilt ndi katayi kooneka ngati gulugufe, n'kunena kuti onani, anzathu amaphatikiza chovala cha makolo ndi tayi. Ndamva kuti theka la inu mudangofa ndi phwete, eti amuna avala masiketi.

Ndineneretu kuti tayi sindigulitsa. Mukamanga kapena osamanga, ndalama yanga ya malaya ndi yomweyo. Choncho musandikayikire.

Tiyambe ndi siketi mukusekayo, chifukwa ine ndidaigwirapo ndi manja. Chaka china kutchalitchi kwathu kudabwera alendo ochokera ku Scotland, ndipo bambo mmodzi adavala kilt Lamulungu. Ana adamutsatira mpaka pamsewu. Ine ntchito yanga idandikakamiza, ndidamupempha kuti ndione kasokedwe kake. Ana anga, chinthu chija n'cholemera. Ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa, ndipo kilt yeniyeni imadya nsalu yokwana mayadi 8, kutanthauza mamita 7 ndi kakuti. Inu chitenje chimodzi ndi mamita awiri okha. Nsalu yonseyo amaipindapinda kumbuyo, mapindo oyandikana, mizere ya mandalasi ija ikukumana ndendende, kutsogolo n'kusiya kosalala. Ilibe matumba, n'chifukwa chake amapachika kachikwama kachikopa kutsogolo, amati sporran. Nditaona ulusi wake ndidangoti, apa padakhala munthu masiku.

Ndidamufunsa za pakhosi, poti tsikulo adamanga tayi wamba, wobiriwira, wopanda maluwa. Yankho lake ndi lomwe ndabwera nalo lero. Kwawoko kilt ndi imodzi, koma cha pakhosi chimasintha malinga ndi komwe ukupita. Masana, kutchalitchi kapena kumsonkhano, amavala jekete la ubweya ndi tayi wamtali ngati wathu yemweyu. Madzulo kuphwando lalikulu pali kajekete kakafupi ka mabatani onyezimira, amakatcha Prince Charlie, ndipo kameneko kamayenda ndi bow tie yakuda. Pamwambo wapamwamba zedi ena amavala kansalu ka lesi koyera kolendewera pachifuwa, kotchedwa jabot. Kukakhala kovina kapena kumpira, malaya omanga ndi kachingwe pakhosi, ngakhale jezi, tayi osamuona n'komwe.

Ndipo musaganize kuti iwo amagwirizana. Amakangana ngati inu nomwe. Mkangano wina ndi wakuti kodi munthu angamange tayi wa nsalu yofanana ndi kilt yake? Ambiri amati ayi, mandalasi pansi mandalasi pakhosi, maso amatopa. Ena amati ndi nsalu ya mtundu wanga, ndivala mmene ndifunira. Palinso tayi wina wotukumuka wa paukwati yemwe achinyamata adamukonda, akuluakulu n'kumati ameneyo ngwa m'mashopu obwereketsa zovala. Ndiye amene mudabwera ndi chithunzi, mudanena zoona, koma mudanena theka. Bow tie ija ili pa malaya oyera a kolala, pansi pa jekete. Siili pa kilt. Nsalu yamaluwa ili m'chiuno, pakhosi pali poyera. Inu nsalu yanu yamaluwa ili pakhosi pomwepo. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo ndibwererako.

Choyamba ndiyankhe aja mukuti tayi ndi wa atsamunda. Kubwera adabweradi nawo, sindikana. Koma ngakhale Angerezi adachita kutengera. M'zaka za m'ma 1600 asilikali a ku Croatia omwe ankamenya nkhondo kumbali ya France ankamanga timipango pakhosi, Afalansa n'kusirira, ndipo dzina loti cravat lidachokera kwa anthu amenewo. Ndi kampango ka msilikali komwe kadayenda m'manja ambiri mpaka kudzafika pa kaunjika wa pa Jenda. Nanga chitenje chomwe mukuti n'chathuchathu? Bwanji nsalu zina timati java? Java ndi chilumba cha ku Indonesia. Kalembedwe ka maluwa aja kadachokera kumeneko, Adatchi n'kuyamba kudinda pamakina n'kumagulitsa kuno ku Africa. Agogo a agogo athu ankavala nyanda ndi zikopa. Tikati tivule chilichonse chobwera, pamwambo paja tidzachita manyazi tonse.

Ndipo kilt yomwe ija idaletsedwapo ndi boma. M'chaka cha 1746, anthu a kumapiri a Scotland atagonja pankhondo, boma la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa amuna a kumeneko kuvala chovala chawocho, kupatula omwe adali asilikali a mfumu. Lamulolo lidachotsedwa mu 1782. Pofika 1822 mfumu George IV idapita ku Edinburgh itavala kilt yomweyo. Chovala chomwe chinkamangitsa munthu chidasanduka cha mfumu. Mukamaseka, dziwani kuti mukuseka chinthu chomwe eni ake adachivutikira.

Komanso ife tiseke chiyani? Pitani ku Hora m'mwezi wa Ogasiti pa Umthetho, si kutali, Mzimba ndi apa. Mukaona madoda a Ingoma atavala zibiya m'chiuno, miyendo pamtunda, mikanda pakhosi, chishango kumanja. Alipo mwa inu angapite kukawauza kuti mwavala siketi? Agogo anga aamuna ankamanga chilundu m'chiuno, pamwamba jekete, n'kupita kubwalo la milandu, ndipo akayankhula anthu ankakhala chete.

Tsopano za tayi kuno kwathu. Ife a ku Kasungu nkhaniyi imatikhudza kuposa ena, chifukwa munthu yemwe adaimika suti ndi tayi m'dziko muno ndi mwana wa boma lino. Kamuzu adaphunzira udokotala wina ku Edinburgh komweko kwa eni kilt, adamaliza mu 1941, ndipo adali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Koma potsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958 sadavale kilt, sadavalenso chilundu. Adavala suti ya zidutswa zitatu, tayi ndi chipewa, ndipo tidamuona choncho mpaka ukalamba wake, litchowa kumanja, kaya kutenthe bwanji. Ife tidakula tikudziwa kuti munthu wophunzira amaoneka motero. Mphunzitsi tayi, kalaliki tayi, mkulu wa mpingo tayi. Atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, tinkamva za ana ovala mabuleza ndi matayi, ife tili ndi kabudula wong'ambika kumatako, n'kumati kumwamba n'komweko.

Koma nthawi imeneyo idali ndi mbali ina yomwe inu simudaione. Mu 1973 padabwera lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act. Mayi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo udali mlandu. Amuna nafenso tsitsi lalitali silinkaloledwa, ngakhale mlendo wotsika ndege ankatha kumetedwa. Lamulolo lidachoka mu 1993, chaka cha riferendamu. Inu atsikana mwakhala apa ndi majini anu, amayi anu sakadayerekeza. Ndipo mzimu wake sudafe msanga: mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi m'mizinda ina adavula amayi ovala mabuluku pamsewu, mpaka amayi adachita zionetsero ku Blantyre. N'chifukwa chake ine ndikamva mawu oti wosavala chakuti abwezedwe pakhomo, thupi limachita tsemwe. Ndikudziwa kuti inu mukungofuna chithunzi chokongola. Koma ndidaonapo komwe kamtima kameneko kamathera.

Pali tayi wina yemwe ndimamukonda kuposa onse, ndipo ndi wa Mganda. Ndili mnyamata ndidavinako, musaone mimbayi. Tinkachapa kabudula woyera ndi malaya oyera mpaka manja kuwawa, kusita ndi simbi ya makala, sokosi zofika m'mawondo, nsapato zopolisha, kampango m'manja, ndipo pakhosi tayi. Tayi pa kabudula! Mzungu wa ku ofesi akadaona akadati talakwitsa. Koma gule ameneyu, pamodzi ndi Malipenga a kunyanja, adayamba ndi makolo athu omwe adaona perete wa asilikali a King's African Rifles nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Adatenga yunifolomu, maudindo ndi kaguba, m'malo mwa malipenga achitsulo n'kuika zikho, ndipo adapanga chinthu chomwe ku London kulibe. Tayi wa Mganda sapempha ntchito kwa munthu. Amauluka uku ndi uku fumbi lili koboo, atsikana akuimba nthungululu. Ameneyo mukamutcha chingwe cha atsamunda, madala a boma lathu la Mganda akuthamangitsani.

Ndiye ine tayi sindidana naye. Ndipo ndikuuzeni zomwe zidandichitikira, kuti aja mukuti tisamuonenso mumve.

Nditamaliza sukulu ndidamva kuti pa esiteti ina ya fodya akufuna kalaliki wolemba mabelo. Tayi ndidalibe, bambo anga adalibenso. Ndidakabwereka kwa aphunzitsi ena, iwo n'kundimangira pakhosi pawo, kukulitsa chibowo, kuvula, n'kundipatsa kuti ukafika ukangolowetsa mutu n'kukoka. Ndidamuika m'thumba la pulasitiki, ulendo panjinga. Udali Okutobala. Nditafika pageti thukuta lili kamukamu, ndidatulutsa tayi uja, n'kukoka mbali yolakwika. Mfundo yonse idamasuka. Ndidayesa uku, ndidayesa uku, anzanga pamzere akungondiyang'ana, palibe wondithandiza poti tonse tikulimbirana ntchito imodzi. Mapeto ake ndidamanga mfundo yomwe ndinkaidziwa, ija timamangira mbuzi pachikhomo. Nditalowa, bwana adayang'ana pakhosi panga nthawi yaitali kuposa pa satifiketi yanga. Mafunso ndidayankha, koma mawu ankatuluka ngati a munthu wotsamwa. Ntchito sindidaipeze. Kaya chidandigwetsa ndi tayi kaya masamu, Mulungu ndiye adziwa, koma njira yonse yobwerera ndinkalira ndi mkwiyo, chifukwa chinthu cha mphindi ziwiri padalibe yemwe adandiphunzitsa.

Mukuseka, sekani, nanenso pano ndimaseka. Koma alipo pano anyamata angati omwe angamange tayi popanda kuthandizidwa? Kwezani manja. Anayi. Mwa anyamata onsewa, anayi. Ndipo mwa anayiwo mmodzi wakweza mokayika.

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Inu mukukangana za tsiku limodzi la mwambo, pomwe kutsogoloku kuli intavyu, kuli ukwati, kuli tsiku lomwe adzakutumeni kukaimira mudzi kwa DC. Malo ena amafunabe tayi, ndipo simudzawasintha poima pageti n'kumakamba za atsamunda. Ngakhale m'maiko ena nkhaniyi sidathe. Ku Kenya mu 2023 sipikala wa nyumba ya malamulo adaletsa aphungu kulowa atavala Kaunda suti, n'kunena kuti amuna azivala jekete ndi tayi. Chonsecho Kenneth Kaunda adalamulira Zambia zaka 27 akuvala suti imeneyo ndi kampango pakhosi, mafumu ndi mapulezidenti akumulandira. Ku New Zealand mu 2021 phungu wina wa mtundu wa Maori, Rawiri Waititi, adatulutsidwa m'nyumba ya malamulo chifukwa m'malo mwa tayi adavala mkanda wa mwala wa makolo ake. Iye sadagonje, ndipo lamulo la tayi lidachotsedwa sabata yomweyo. Kwina akumasula, kwina akumanga. Mwana wa ku Kaluluma ayenera kudziwa zonse ziwiri, kuti akavula tayi azivula mwakufuna kwake, osati chifukwa sadziwa kumanga.

Tsono tibwerere ku malaya anu. Pano ndiyankhula ngati telala, osati ngati mkulu wa mpingo. Malaya omwe mudandiuza kuti ndisoke ndi a kolala yoimirira, ija mumati ya Chitchaina, manja aafupi, ovala kunja kwa buluku. Kolala imeneyo ilibe pobisa tayi. Tayi amafuna kolala yopinda kuti chingwe chozungulira khosi chibisike, mfundo yokha n'kuonekera. Mukamanga pa kolala yoimirira, chingwe chonse chili pamtunda, ndipo mudzaoneka ngati ine pageti paja. Chinanso, nsalu mudasankhayo ndi yolankhula: chikasu, chobiriwira, maluwa akuluakulu ngati mpendadzuwa. Mukaikapo tayi wakuda ali ngati mzere wa phula m'munda wa maluwa. Mukaikapo tayi wa chitenje chomwecho, asowa, ndipo mwagwa m'mkangano uja wa ku Scotland wa mandalasi pa mandalasi. Malaya amenewa adamalizidwa kale, pakhosi pake safuna kanthu. Kuyambira 2016, pomwe boma lidalimbikitsa ogwira ntchito zake kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu lililonse, mwaona mabwana angati ku Capital Hill atavala malaya otere? Ndipo ndi angati adamangapo tayi?

Amene mtima wake uli pa tayi, njira ilipo, ndipo ndi ija ya pachithunzi. Valani malaya oyera a kolala yopinda, nsalu ya kalabu ikhale wesikoti, tayi akhale wa mtundu umodzi wopezeka m'nsaluyo. Kapena malaya oyera, buluku lakuda, nsalu ya kalabu ikhale bow tie yokha ndi kampango ka pathumba. Zidutswa zotsala posoka malaya anu zikukwana, sindikulipiritsani nsalu. Zimenezo zimaoneka bwino kwambiri, ndasokerapo maukwati angapo. Koma dziwani kuti apo mwawonjezera malaya oyera, ndipo si aliyense pano ali nawo.

Mawu amenewa ndiwanene mosazungulira, poti akomiti mwina mukuchita nawo manyazi. M'kalabu muno muli ana a eni minda ndi ana a matenanti. Muli ena omwe kwawo fodya adapita ku Chinkhoma n'kubwera ndi kanthu, ndi ena omwe ngongole ya feteleza idadya zonse. Ndalama ya nsalu ena mwapereka kamodzi, ena mukupereka pang'onopang'ono, buku lili kwa ine, ndikudziwa. Mwezi wa Disembala ndi wa njala ndi feteleza. Mukaika lamulo la tayi, palibe adzaimirire n'kunena kuti ine ndilibe. Adzangoti kunyumba kwabwera alendo, kapena mutu ukundipweteka, ndipo tsikulo simudzamuona. Mwina ndi yemwe chaka chonse wakhala akutunga madzi othirira mitengo ya kunazale yanu. Satifiketi yake mudzaipereka kwa mpando.

Ndiye chigamulo changa, ngati mukuchifunadi, ndi ichi: pamwambo paja malaya a chitenje ayende okha, opanda tayi, ndipo pakhomo pasakhale wapolisi wa zovala. Wofuna wesikoti ndi tayi avale, tidzamuombera m'manja. Atsikana, za pakhosi panu palibe wazitchula m'masabata atatu onsewa, ngati kuti inu mulibe makosi. Diresi lija khosi lake ndi lotseguka, mkanda umodzi waung'ono ukwana, kapena osavala kanthu. Amene ali ndi mikanda ya agogo ake abwere nayo, imeneyo ndiye jabot yathu. Koma nanunso phunzirani kumanga tayi. Kusekondale, kuhotela, kubanki, kumakampani a zachitetezo, atsikana akumanga matayi masiku ano.

Poti ndaima kale, ndikupatseniko ziwiri zitatu za m'ntchito. Nsonga ya tayi izifika pa chitsulo cha lamba, osati pamchombo ngati mwana wa sitandade 1, osatinso kupitirira mpaka pazipi. Batani la pamwamba litsekedwe, ndipo zala ziwiri zizilowa pakati pa kolala ndi khosi. Zikakanika, vuto ndi malaya, musanamizire tayi. Pogula pa kaunjika muyang'anitseni padzuwa, chifukwa dontho la supu ya mzungu silichoka, ndipo mumutembenuze muone ngati ulusi wa kumbuyo uli moyo. Simbi ya makala isamukhudze mwachindunji, yalani kansalu konyowa pamwamba, apo ayi adzanyezimira ngati nsomba youma. Mukavula masulani mfundo. Ndikudziwa ambiri mumapachika pamsomali ali chimangire chaka chonse, poopa zomwe zidandigwera ine. Ndipo chonde, tayi ndi makina sizigwirizana. Kuchigayo, pa injini ya pampu, paliponse pali lamba wozungulira, vulani kaye. Pa njinga yamoto mulowetseni m'malaya.

Wapampando, ndili ndi pempho limodzi ndisanakhale. Kunyumba ndili ndi matayi asanu ndi awiri, ena adandisiyira anthu omwe sadabwerenso kudzatenga zovala zawo. Ndikuwapereka ku kalabu. Pezani katoni yoyera, muikemo, mlembi asunge kabuku. Aliyense woitanidwa ku intavyu kapena wokaperekeza ukwati azidzabwereka, n'kubweza ali womasula. Pitani kwa aphunzitsi opuma ndi akuluampingo, ali nawo ambiri m'masutikesi akungodyedwa ndi njenjete, akupatsani. Malaya oyera awiri kapena atatu a masaizi osiyana mukawapeza, makolala ndikonza ine.

Loweruka likubwerali ndidzatseka shopu 2 koloko. Ndidzabwera ndi galasi lija la pakhonde, inu anayi mudakweza manja mudzandithandiza, ndipo wokayika uja adzayamba ndiye. Omwe simudandipatse muyezo wa malaya, mundipeze panja tikatha pano, tepi ndabwera nayo.